Za M'banja Lacikristu: Nzeru ya Sewero la Kujambula



Cikondwerero ca Kubadwa kwa Ambuye cayandikira, ndiyo nyengo imene ana abwerera kwao, ndi mabanja aceza pamodzi madzulo. Makolo athu anali ndi zilape zao: wina ati "Cilape!" anzace nayankha "Nacize!" Masiku ano mabanja ambiri akonda cilape ca mtundu wina, cimene munthu acinena ndi dzanja.

Anthu agawikana magulu awiri. Mmodzi auzidwa liu m'khutu, nalijambula pa pepala, pa sileti kapena pa mcenga, wosalankhula, wosalemba lemba kapena nambala. Ndipo a gulu lace ayenera kuchula liulo isanathe mphindi imodzi. Ku America, m'mzinda wa Seattle, Robert Angel anakonza sewero lotere m'bokosi m'caka ca 1985, nalicha Pictionary. Koma ife khala la moto ndi khonde zitikwanira.

Tsiku lina pakhomo pathu mnyamata wodziwa kujambula anapatsidwa liu lakuti "mbusa." Anayamba ndi ng'ombe, nakometsa nyanga zace, maso ndi ziboda, nthawi inatha asanajambule munthu. Pamenepo anakalipira alongo ace kuti ngopusa, iwo nalira, ndipo sewero linathera m'misozi. M'mawa mwace agogo ace, amene sanagwirepo pensulo, analemba ndi cala pa mcenga kamunthu konyamula ndodo, ndi tinthu titatu ta nyanga patsogolo pace, ndipo ana ena amene sanaone za dzulo anapfuula pomwepo, "Mbusa!" Cifukwa cace tinena kuti wopambana m'sewero ili ndiye amene akumbukira maso a anzace. Imvani tsono malangizo athu.

Coyamba, yambani ndi cizindikiro cimene cisiyanitsa cinthu ndi zinzace. Njovu idziwika ndi citamba, tambala ndi lipombo, nkhokwe ndi miyendo yace. Nzeru iyi Eklezia anaidziwa kale: pa zithunzi Petro Woyera timzindikira ndi makiyi, Paulo Woyera ndi lupanga; ndipo Akristu oyamba a ku Roma analemba nsomba pa manda ao apansi, cizindikiro ca Kristu Mpulumutsi.

Caciwiri, liu likakhala la cinthu cosaoneka, funani mnzace wofanana nalo m'kamvekedwe. Mukauzidwa mtengo wa malonda, jambulani mtengo wa m'thengo, ndi ndalama pambali pace. Mukauzidwa kamba wa paulendo, jambulani kamba wa cigoba. Cinenero cathu ciri naco cuma cotere.

Cacitatu, nkhani yaikuru igaweni zidutswa. Nowa simungathe kumjambula nkhope. Koma cingalawa, mvula, ndi nyama ziwiriziwiri zimchula dzina. Anzanu akapanda kuzindikira, musalimbikire kukanda cithunzi comweco, monga acita ambiri. Cisiyeni, yambani cina pambali. Wina akayandikira liu, lozani msanga pamene iye anaona.

Cacinai, inu otulukira, khalani mbali imodzi ndi wojambula, kuti cithunzi cisazondoke pamaso panu. Chulani mokweza ciri conse cifika m'mutu, osacita manyazi. Pakuti kuphonya kwa wina kutsegula nzeru ya mnzace. Mutu umodzi susenza denga. Musacetetse ana ang'ono, popeza kawirikawiri iwo aona msanga cimene akuru acizungulira.

Cacisanu, pewani cinyengo. Kunong'oneza, kugwedeza milomo, kapena kuonjezera nthawi mobisa, ndilo bodza ndithu, ngakhale licitike m'masewera; ndipo mwana amene aona atate wace apambana motero adzatengera.

Potsiriza, inu atate ndi amai, lingalirani ici. Gulu likalephera, wojambula wanzeru ayamba kudzifunsa yekha kuti, "Ndinasoceretsa pati anzanga?" Ife amene tiphunzitsa katekisimu taona comweci: mwana akapanda kumva phunziro, nthawi zambiri colakwa ciri pa kafotokozedwe kathu. Momwemonso inu pophunzitsa ana mapemphero ndi makhalidwe, yambani ndi zimene iwo adziwa, ndipo njira imodzi ikakanika, yesani ina mofatsa.

Sewerani tsono mokondwa. Ogonja ayamike opambana, ndipo nonse mutsirize ndi pemphero la madzulo. Banja Loyera la ku Nazarete lisunge nyumba zanu mumtendere.

Ndife anu mwa Ambuye,
Mphunzitsi wa Katekisimu