Mawu a Mkonzi: Wopereka Msonkho Ayenera Kudziwa Kumene Ndalama Yake Ikupita

Pa 1 April 1924 boma la Britain linatenga ulamuliro wa Northern Rhodesia kuchoka m'manja mwa kampani ya British South Africa, ndipo chaka chomwecho ku Livingstone kunakhazikitsidwa bungwe lopanga malamulo limene anthu ankalitchula mwachidule kuti Legco. Wapampando wake anali bwanamkubwa Sir Herbert Stanley, mipando yambiri inali ya akuluakulu a nthambi za boma amene sakanatsutsa zofuna za bwanamkubwayo, pamene mipando isanu inaperekedwa kwa azungu okhala m'dziko muno, amene anayamba kusankhidwa mu 1926. Munthu wakuda analibe mpando, pakuti lamulo linkamuona ngati munthu wotetezedwa ndi Britain osati nzika yake, ndipo kusiyanitsa kumeneku kunamutsekera khomo la chisankho ngakhale kuti ndiye ankalipira msonkho chaka ndi chaka.

Ntchito yaikulu ya bungweli inali kuvomereza ndondomeko ya chuma, ndiko kuti mndandanda wa ndalama zimene boma likuyembekeza kutolera ndi mmene lidzazigawire ku nthambi zake, kuyambira apolisi ndi misewu mpaka zipatala ndi positi. Mbali ya boma yokha ndiyo inali ndi mphamvu yobweretsa mfundo yokhudza ndalama, ndipo zimene zavomerezedwa zinkadikirabe chilolezo cha nduna yoona za maiko a atsamunda ku London. Ndalama zochuluka za mkuwa sizinkafika n'komwe pamaso pa bungweli, chifukwa kampani ya British South Africa inapitiriza kulandira malipiro a miyala ya pansi pa nthaka mpaka 1964, pamenenso gawo la msonkho wa makampani a migodi, amene malikulu awo anali ku London, linkatsalira komweko. Lipoti la Sir Alan Pim la mu 1938 linaonetsa poyera kuti thandizo lopita kwa anthu akuda pa maphunziro ndi zaumoyo linali lochepa kwambiri.

Kuno kum'mawa zotsatira zake zinkaonekera bwino pa nkhani ya makalata. Msonkho unkafunika m'masheleni, koma pamudzi panalibe kopezera sheleni, makamaka malo ambiri achonde ozungulira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, atagwera m'manja mwa kampani ya North Charterland ndipo eni nthaka atapanikizidwa m'malo owasungira. Amuna anatsika ku Walale, ku Joni ndi ku migodi ya mkuwa, ndipo chimene chinkawalumikiza ndi kwawo chinali kalata ndi positi oda, pepala limene munthu ankagula papositi kuti mbale wake akalandire ndalama kwina. Msewu waukulu wa kum'mawa usanakhale wodalirika, thumba la makalata linkayenda pamutu pa amtengatenga oyenda wapansi masiku ambiri, kudutsa m'chigwa cha Luangwa mmene muli zilombo, ndipo mlatho woyamba wa pamtsinje wa Luangwa unamangidwa m'zaka za m'ma 1930 ndi ndalama za bungwe la Beit Trust. Positi inali paboma, monga pa Fort Jameson, Petauke ndi Lundazi, kotero mayi wa kumudzi ankadalira keyala ya mishoni kapena ya sukulu, n'kuyenda mtunda wautali kuti mphunzitsi akamuwerengere mawu a mwamuna wake. Kalata ikasowa, banja linkayamba kumuyesa munthu wawo mtchona. Mayi ameneyu analibe womulankhulira pamene mtengo wa sitampa unkakhazikitsidwa kapena pamene ankasankha malo omangapo positi yatsopano.

Kusintha kunabwera mochedwa ndiponso mwapang'onopang'ono. Mu 1935, chaka chimene likulu linasamukira ku Lusaka, kukwezedwa kwa msonkho wa mutu m'dera la migodi kunautsa sitalaka imene inaphetsa anthu 6 ku Luanshya. Mu 1938 Stewart Gore-Browne anasankhidwa ndi boma kuti azilankhulira anthu akuda, ndipo munali mu 1948 pamene Henry Kasokolo ndi Nelson Nalumango analowa m'bungweli monga anthu akuda oyamba. Patangopita zaka zisanu, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinasamutsira nkhani za positi ku boma la ku Salisbury, kotero kuti mpaka kutha kwa 1963 aphungu a ku Lusaka analibenso ulamuliro pa ntchitoyi.

Mbiri imeneyi ikuphunzitsa kuti thandizo la boma limatsata mawu amene amveka pamalo ogawira ndalama, ndipo akuluakulu sananame ponena kuti mwana wosalira amafera m'mbereko. Lero boma lililonse la m'chigawo chino lili ndi aphungu osankhidwa ndi anthu, bajeti imawerengedwa poyera m'Nyumba ya Malamulo, mkulu wofufuza kayendetsedwe ka ndalama za boma amatulutsa lipoti chaka chilichonse, ndipo thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022. Zonsezi ndi zinthu zimene makolo a m'nthawi ya Legco sanazione, koma zilibe phindu ngati anthu sazigwiritsa ntchito.

Nyuzipepala ino ikupempha aphungu a chigawo cha kum'mawa kuti bajeti ikavomerezedwa azibwera kudzaifotokoza m'Chinyanja pamisonkhano ya m'madera awo, ndiponso makhonsolo kuti azipachika poonekera mndandanda wa ntchito za CDF pamodzi ndi mtengo wa iliyonse. Ikupemphanso kuti nkhani ya mapositi a ZAMPOST ndi ya nsanja za mafoni kumidzi izikambidwa monga nkhani ya chitukuko, chifukwa ndalama ya mwana wa ku Lusaka kapena ku Kitwe imafikira kholo lake kudzera m'njira zimenezi. Mafumu, mipingo ndi magulu a alimi ali ndi udindo wofunsa mafunso amenewa chaka chilichonse ndi kukumbukira mayankho ake pa tsiku loponya voti.