Abambo, chimimba si madalitso

Pa ulonda wa usiku kuno ku Johannesburg, bambo wina amene timalondera limodzi amakataya madzi kasanu kusanache. Amati ndi ukalamba. Mwina, koma chimimba ndi shuga wawo zikuthandizira.

Prostate ikakula imapanikiza njira ya mkodzo, ndiye mkodzo umangodontha, chikhodzodzo osatheratu. Kunenepa pamimba, shuga ndi BP zimayenda limodzi ndi vutoli, ndipo shuga akakwera amachulukitsanso mkodzowo. Koma kutchalitchi mimba ikakula timati "adalitsika". Ine ndikukana.

Abambo anga, tikupemphererani ndithu, koma pitaninso kukiliniki akakuyezeni shuga ndi prostate. Chepetsani Coke ndi magwinya a pa shifiti, muziyendako pansi. Mkodzo ukatsekekeratu, thamangirani kuchipatala usiku womwewo.