Pokémon: mphamvu ndi zofooka za gemu yogwira zilombo

Pokémon ndi gemu ya ku Japan imene wosewera amayendayenda m'dziko lopeka, n'kumagwira zilombo zakutchire, kuziweta ndi kuzimenyanitsa ndi za anthu ena. Inatuluka koyamba pa 27 February 1996 pa kamakina kogwira m'manja ka kampani ya Nintendo kotchedwa Game Boy, ndipo inabwera m'mitundu iwiri, Red ndi Green. Anaipanga ndi a kampani ya Game Freak motsogozedwa ndi Satoshi Tajiri, amene anaivutikira zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi. Zilombo zinalipo 151 pa nthawiyo, koma lero zadutsa 1,000. Magemu oyambirirawo, kuphatikizapo Blue, anagulidwa oposa 30 miliyoni padziko lonse, ndipo pambuyo pake panabwera makatuni, makadi osewerera, zidole ndi zovala.

Tajiri anabadwa mu 1965 ndipo anakulira ku Machida, kunja kwa mzinda wa Tokyo, kudakali minda ndi maiwe. Ali mwana ankakonda kusaka tizilombo ta m'tchire n'kumatisunga. Mzinda utakula, maiwe aja anakwiriridwa, pamalopo n'kumangapo nyumba ndi mashopu, ndipo iye anafuna kuti ana a m'tauni alaweko chisangalalo chimene iwo anachipeza chitatha kale. Mwana wa ku Chiradzulu amene anatcherapo ngumbi pachulu mvula yoyamba itagwa, kukumba nkhululu kapena kudikirira mbalame pa ulimbo m'munsi mwa phiri, safunika kumufotokozera zambiri. Amadziwa kale kuti cholengedwa chilichonse chili ndi malo ake, nthawi yake ndi msampha wake. Gemuyi inakhazikika pa nzeru yomweyo: chilombo china chimapezeka m'udzu wautali, china m'phanga, china mpaka utaponya mbedza m'madzi.

Kaseweredwe kake sikanasinthe kwenikweni kuchokera mu 1996. Wosewera amayamba ali mwana wa m'kamudzi kakang'ono, ndipo katswiri wina wa zilombo amamupatsa mwayi wosankha chimodzi mwa zitatu. M'magemu oyamba katswiriyo ndi Professor Oak, ndipo zilombozo ndi Bulbasaur wa zomera, Charmander wa moto ndi Squirtle wa madzi. Kuchoka apo mwanayo amayenda tauni ndi tauni, kugonjetsa akatswiri asanu ndi atatu amene aliyense amapereka baji, kenako akuluakulu anayi otchedwa Elite Four, n'kumalizira ndi ngwazi ya dera lonse. Chilombo chakutchire amachifooketsa kaye pomenyana nacho, kenako n'kuchiponyera kampira kotchedwa Poké Ball. Akachimenya mopitirira muyeso chimakomoka ndipo mwayi umatha. Akaponya kampirako chidakali ndi mphamvu chimatulukamo.

Mphamvu yaikulu ya Pokémon ili pa kamenyedwe. Nkhondo yake si ya liwiro la zala. Mbali ziwirizo zimapatsana mpata, ndipo wosewera ali ndi nthawi yonse yoganiza asanasankhe chochita. Amaloledwa kuyenda ndi zilombo zisanu ndi chimodzi zokha, ndipo chilichonse chimadziwa njira zinayi zokha zomenyera. Chikafuna kuphunzira yachisanu chiyenera kuiwala imodzi. Kuchepa kumeneku n'kumene kumakometsa gemu, chifukwa palibe amene angatenge zonse. Zilombo zinagawidwa m'magulu, amene poyamba anali 15. Mu 1999 anawonjezerapo awiri ndipo mu 2013 linabweranso limodzi, kukwana 18. Madzi amazimitsa moto, moto umatentha zomera, zomera zimamwa madzi, ndipo magetsi sachita kanthu pa chilombo cha m'gulu la nthaka. Nkhonya yogwirizana ndi kufooka kwa mdani imapweteka kawiri, ndipo ngati mdaniyo ali m'magulu awiri ofooka pa chinthu chimodzi imapweteka kanayi. Gyarados, chinjoka cha m'madzi chimenenso chili m'gulu la zouluka, chimaopsa pooneka koma chimagwa msanga chikakumana ndi magetsi. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amagwira malamulowa tsiku limodzi, pomwe akuluakulu amapikisana nawo pa mipikisano ya dziko lonse chaka ndi chaka osawatopetsa. Ndi magemu ochepa amene amakwanitsa zonse ziwiri.

Zilombo zenizenizo zinajambulidwa mwaluso, makamaka pansi pa Ken Sugimori, mnzake wa Tajiri kuyambira pamene Game Freak inali kamagazini chabe ka okonda magemu. Zambiri zimakula n'kusintha maonekedwe. Caterpie amayamba ali mbozi, n'kudzitsekera m'chikwa, n'kutuluka ali gulugufe. Magikarp ndi nsomba yopanda ntchito imene imangophiriphitha, koma woipirira mpaka levulo 20 amalandira Gyarados uja. Nkhani yake inachokera ku nthano ya ku China ya nsomba yodumpha mathithi n'kusanduka chinjoka. Wosewera wa kuno amazindikiramo nyama zakwathu: Zebstrika ndi mbidzi, Hippowdon ndi mvuu, Mightyena ali ngati fisi, Kecleon ndi bilimankhwe, ndipo Sandshrew amadzipinda ngati ngaka. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale nyama za mu Africa zadzaza m'gemumu, dera lochokera ku Africa silinapangidwepo. Madera anayi oyamba anatengera Japan, kenako New York, France, Hawaii, Britain, ndi Spain pamodzi ndi Portugal. Nthano za ku Japan za nkhandwe ya michira isanu ndi inayi zinapezamo malo, koma napolo wa m'mapiri a Zomba ndi Mulanje sanafikemo.

Chimene chinasiyanitsa Pokémon ndi magemu ena a nthawi yake ndi kusinthana. Magemu ogwira zilombo analipo kale ku Japan, monga Megami Tensei wa mu 1987 ndi Dragon Quest V wa mu 1992, koma Tajiri ataona nthambo yolumikizira ma Game Boy awiri anaganiza zoti zilombo zizidutsamo. Anakonza dala kuti munthu mmodzi asathe kumaliza yekha. Growlithe ankapezeka mu Red mokha, Vulpix mu Green mokha, ndipo zilombo monga Kadabra, Machoke ndi Haunter sizinkafika pa msinkhu womaliza pokhapokha zitasinthanitsidwa ndi munthu wina. Gemu inkakakamiza mwana kutuluka m'nyumba kukafuna mnzake, kukambirana naye mtengo, nthawi zina kupusitsidwa, n'kuphunzirapo. Koma ndi pomwepanso pamene malonda analowera, pakuti banja lokhala ndi ana awiri linkagula gemu imodzi kawiri. Mchitidwe wotulutsa mitundu iwiri yosiyana pang'ono udakalipo mpaka lero, ngakhale kuti intaneti inachotsa kale chifukwa chake choyambirira.

Palinso phindu lina limene opanga sanaliganizire. Anthu a m'magemu a Pokémon salankhula ndi mawu omveka. Zonse zimalembedwa pa sikirini m'ziganizo zifupizifupi. Wosawerenga amasochera, chifukwa njira yopitira patsogolo imabisika m'zonena za munthu wina woima pakhomo. Kwa wophunzira wa ku Namitambo kapena ku Nkalo, amene satifiketi yake ya MSCE imadalira kukhoza Chingerezi koma mabuku owerenga posangalala ali osowa, kumeneku ndi kuwerenga kochita kufuna yekha. Gemuyi imapezeka m'Chijapani, Chingerezi, Chifalansa, Chijeremani, Chitaliyana, Chisipanishi, Chikoreya ndi Chitchaina, popanda chilankhulo chilichonse cha kuno.

Zofooka zimayambira pa nkhani yake. Kwa zaka zoposa makumi awiri inali imodzimodzi: mwana, katswiri, mabaji asanu ndi atatu, ndi gulu la achifwamba ovala yunifolomu, kuyambira Team Rocket, amene amagonja kwa mwana wa pulayimale. Funso lenileni limene gemuyi imadzutsa, lakuti kodi n'chilungamo kugwira nyama n'kumaimenyanitsa, linafunsidwa mwamphamvu kamodzi kokha, mu Black ndi White za mu 2010, pamene gulu la Team Plasma linkalalikira zomasula zilombo. Olemba anathawa funsolo poonetsa kuti mtsogoleri weniweni wa gululo anali wachinyengo wofuna ulamuliro. Magazi samaoneka, ndipo chilombo chogonja chimangokomoka n'kukachiritsidwa ulere, choncho nkhanza zake n'zochepa poyerekeza ndi magemu a mfuti. Komabe kholo limene limaletsa mwana kumenyanitsa atambala lili ndi chifukwa chofunsira.

Chachiwiri, magemu atsopano anafewa kwambiri. Mu Red ndi Green wosankha Charmander ankakhetsa thukuta pa katswiri woyamba, Brock, amene zilombo zake ndi za miyala, n'kukapezanso Misty wa madzi akumudikirira. Mu Sword ndi Shield za mu 2019 ndi magemu otsatira, zilombo zonse zisanu ndi chimodzi zimakula pamodzi ngakhale zisanamenye nawo, ndipo wosewera sangazimitse zimenezi. Gemu imauzanso wosewera nkhonya yoyenera pa mdani amene anakumanapo naye. Posankha kuti gemu ikhale yovuta palibe, moti okonda gemuyi anachita kudzipangira malamulo awoawo otchedwa Nuzlocke: kugwira chilombo choyamba chokha pa dera lililonse, ndi kutaya chilichonse chimene chakomoka.

Kumbali ina, zozama zenizeni zinabisidwa. Chilombo chilichonse chili ndi manambala osaoneka amene amachititsa kuti zilombo ziwiri za mtundu umodzi ndi levulo imodzi, monga a Pikachu awiri, zisafanane mphamvu, ndipo kwa zaka zambiri gemu sinkafotokoza zimenezi. Wofuna kupikisana ankataya maola ambirimbiri akuswetsa mazira kufuna chilombo changwiro. Zilombo za mtundu wachilendo, zonyezimira, zinkapezeka kamodzi pa 8,192, ndipo kuyambira mu 2013 kamodzi pa 4,096. Kumeneko si kusewera koma kubwereza chinthu chimodzi podikira mwayi, ndipo n'kumene kumadya nthawi ya homuweki ndi ya kudimba. Magemu akale analinso ndi nyumba ya juga mu mzinda wa Celadon, momwe wosewera ankaponya makobidi m'makina kuti apate zilombo zosowa. Opanga anaichotsa m'magemu apambuyo pake, koma m'akalewo idakalimo, ndipo masiku ano pamene kubetcha kwafika m'matiredingi senta ambiri, kholo liyenera kudziwa zimenezi. Makolo opemphera amathanso kudodoma ndi magulu a mizukwa ndi a mphamvu za m'maganizo. Ku Saudi Arabia Pokémon inaletsedwa mu 2001 pa zifukwa za chipembedzo ndi juga.

Chofooka chachikulu masiku ano ndi changu cha malonda. Dzina la Pokémon ndi la makampani atatu, Nintendo, Game Freak ndi Creatures, ndipo gemu yatsopano iyenera kutuluka pa nthawi yake kuti makadi, makatuni ndi zidole zitsatire. Sword ndi Shield zinatuluka ndi zilombo 400 zokha m'kaundula wake pomwe zonse zinali zitadutsa 800, ndipo anthu amene anasunga zilombo zawo kwa zaka zambiri sanathe kuzilowetsamo zonse. Scarlet ndi Violet za mu November 2022 zinabweretsa chinthu chabwino, dziko lotseguka lomwe wosewera amapita kumene akufuna, koma zinatuluka zosapsa: zithunzi zinkadodoma, anthu ankalowa m'makoma, gemu inkazima yokha. Nintendo inapepesa poyera. Ngakhale zinali choncho, magemuwa anagulidwa 10 miliyoni m'masiku atatu oyamba, ndipo kampani imene ikugulitsa chotere ilibe chifukwa chochepetsera liwiro.

Ku Chiradzulu nkhani yonseyi imathera pa mtengo. Magemu akuluakulu a Pokémon amaseweredwa pa makina a Nintendo okha, osati pa PlayStation imene anyamata amalipira kuti amenyerepo mpira m'matiredingi senta. Nintendo Switch inatuluka mu 2017 pa madola 300, ndipo gemu imodzi inali madola 60. Pa mtengo wa kubanki wa mu 2024, pafupifupi K1,750 pa dola, gemu yokhayo inkaposa K100,000, pomwe malipiro otsikitsitsa a pamwezi amene boma linakhazikitsa chaka chimenecho anali K90,000. M'boma la Chiradzulu, la anthu oposa 350,000, ambiri mwa iwo alimi a minda ing'onoing'ono okhala m'nyumba zopanda magetsi a ESCOM, makina oterewa ndi a anthu owerengeka amene ali ndi wachibale ku Joni kapena kunja.

Khomo lotseguka kwa mwana wa pa Njuli, Mbulumbuzi kapena Namadzi ndi foni. Magemu akale monga FireRed ndi Emerald, a mu 2004, ndi aang'ono kwambiri moti amakwana pa memore khadi iliyonse, ndipo pulogalamu yotchedwa emulator imawayendetsa ngakhale pa itel kapena Tecno yotsika mtengo, popanda bandulo, batire osatha msanga. Anapangidwira makina ofooka, n'chifukwa chake amagwirizana ndi moyo wa kumudzi kuposa atsopano, ndipo ambiri okonda gemuyi amati kaseweredwe kake ndiko kokoma koposa. Vuto lake n'lakuti makope oterewa ndi osaloledwa ndi eni ake, ndipo ena otengedwa pa intaneti amabwera ndi mapulogalamu owononga foni. Kusinthana zilombo nakonso kumavuta, chifukwa si emulator iliyonse imene imalumikiza mafoni awiri, choncho Kadabra wa wosewera wotere kawirikawiri amakalamba asanasanduke Alakazam.

Pokémon Go, imene kampani ya Niantic inatulutsa mu July 2016, ndi yololedwa ndipo kuitenga n'kwaulere. Wosewera amayenda ndi miyendo yake m'misewu yeniyeni, foni n'kumamuonetsa zilombo pa mapu. Imafuna foni yamphamvu, netiweki yosadukaduka, bandulo ya TNM kapena Airtel ndi batire yodzadza, pakuti GPS imamwa moto kwambiri. Malo otolera timipira ndi omenyera nkhondo anaikidwa pa zipilala, matchalitchi, mapaki ndi nyumba zodziwika zimene osewera analembetsa, ndipo malo oterewa ndi ochuluka m'mizinda ikuluikulu koma osowa kumidzi padziko lonse. Malo ngati tchalitchi cha Providence Industrial Mission ku Mbombwe kapena mishoni ya Nguludi ndi oyenera ndithu kukhala pa mapuwo, koma pakati pa malo amodzi ndi ena pali mtunda wa makilomita, ndipo timipira tikatha wosewera nthawi zambiri amayenera kugula tina ndi ndalama zenizeni kapena kuyenda mtunda wonsewo.