KODI WOSEWERA WOVULALAVULALA AYENERA KULANDIRA MALIPIRO AAKULU?

Mlimi wogula ng'ombe yolimira akaona kuti ikutsimphina, safulumira kuikana, ndiponso safulumira kutulutsa ndalama. Amayamba wafunsa ngati chavuta ndi munga kapena nthenda ya m'fupa. Funso lotere limasautsanso eni matimu a basiketibolo ku America, mpira wamanja woponyera m'kadengu kopachika pamwamba.

M'masewerawa muli wosewera woyendetsa mpira, amene ntchito yake ndi kuthamanga, kuima mwadzidzidzi, kukhota ndi kudumpha. Zonsezi zimalemetsa akakolo ndi mawondo. Kawirikawiri timu ikamulonjeza malipiro a zaka zingapo, imalipirabe ngakhale iye ali chigonere, ndipo malamulo amachepetsa ndalama zotsala zolembera osewera ena.

M'chaka cha 2012, timu ya Golden State Warriors idakumana ndi vutoli. Stephen Curry, mnyamata wa zaka 24, adali kubinya kakolo wakumanja kawirikawiri. Adachitidwa opaleshoni mu 2011 ndi mu 2012, ndipo pa masewero 66 a nyengo imeneyo adasewera 26 okha. Timuyo idamupatsa madola 44 miliyoni a zaka 4, ndalama zochepa polingalira luso lake. Vuto lake lidali lochizika: madokotala adakonza mitsempha ndi kuyeretsa m'mfundomo, ndipo iye adalimbitsa minofu ya m'chiuno kuti kakolo asamasenze katundu yekha. Adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu 2015 ndi mu 2016, ndipo timu yake idatenga chikho kanayi pakati pa 2015 ndi 2022.

Zidali zosiyana ndi Brandon Roy wa Portland Trail Blazers. Mu 2009 adalonjezedwa madola pafupifupi 82 miliyoni a zaka 5, pamene mawondo ake adali atachitidwa kale opaleshoni. Chicherewecherewe cha m'bondo, chimene chimateteza mafupa kuti asakhulane, chikatha sichimeranso bwino. Mu 2011, ali ndi zaka 27, Roy adasiya masewera. Adayesanso mu 2012, koma adangosewera kasanu.

Ena amati wosewera wovulalavulala asapatsidwe ndalama zambiri konse. Maganizo amenewa akadatayitsa Warriors munthu amene adasintha mbiri yawo. Ena amati luso lokha ndilo liyenera kuyang'anidwa. Awa aiwala za Roy.

Choyenera ndi chakuti timu iyambe yamva madokotala, chifukwa safunsa adadya phula. Ngati chovulalacho chili chopola, ndipo mwini wake ali wokonzeka kupuma ndi kutsata malangizo, timu imulipire bwino, koma molingana ndi chiopsezo. Ngati mfundo yatha, malonjezo a zaka zambiri ndi kudzinamiza, ndipo amakakamiza wodwala kusewera pofuna kukondweretsa omulipira. Ndalama zimatha kupezekanso, koma bondo ndi lomwelo limene munthu adzayendera mpaka ukalamba wake.