Makoma sachiritsa mayi, tilembereni azamba

Abale anzanga a mumsika, nkhani ya mtengo wa usipa tidzaitola sabata ya mawa, lero tikambe za azamba. Ndikudziwa abambo ena mwayamba kale kufunafuna tsamba la mpira, mukuti izi nzachizimayi. Dikirani kaye achimwene. Ndalama imene ndikukamba pano ndi yanu yomwe, ija boma limadula mukagula sopo kapena mayunitsi a foni, osawerengera tikiti ya msika ija simuithawa m'mawa ulionse ngakhale malonda atavuta.

Ine masamu anga ndi a pa benchi, koma manambala awa ndiosavuta. Kafukufuku wa boma wa 1992 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 620 ankamwalira ndi zovuta za uchembere. Pofika 2000, matipate atakhazikika kale, nambala ija inali pa 1,120. Ee, inakwera! Edzi inali itatipanikiza, ndipo anamwino athu anali kalikiliki kukwera ndege kupita ku Britain komwe amalandira mapaundi. Sindikuwanena. Nanga inu mutamva kuti ku Mzuzu tomato akugulidwa kakhumi kuposa kuno ku Mwaya, mungakhale?

Tsono chimene chinachitika mu 2004 ndicho ndikufuna muchigwire bwino. Boma, ndi ndalama za Britain ndi Global Fund, linayamba ndondomeko yapadera yopulumutsira ntchito za umoyo. Anaonjezera malipiro ndi 52 peresenti kwa magulu 11 a ogwira ntchito m'zipatala, naika ndalama m'masukulu a unamwino kuti azitenga ana ochuluka. Ogwira ntchito anachoka pa 5,453 mu 2004 kufika pa 8,369 mu 2009. Imfa za amayi nazo zinayamba kutsika: 984 mu 2004, 675 mu 2010, 439 pa kafukufuku wa 2015 ndi 2016. Ma ARV aulere anathandizanso, tisabise. Koma palibe angandiuze kuti kulipira namwino bwino ndi kuphunzitsa ena ambiri kunalibe phindu. Tinayesa, zinatheka, tinaziona ndi maso.

Vuto lake, mphika umene tinaphikira unali wobwereka. Mwini mphika akaufuna amautenga ngakhale nsima ili pamoto. Tinazionanso mu Januwale 2025 pamene Donald Trump anaimitsa thandizo la America, anthu ambiri a ntchito za umoyo n'kungouzidwa kuti bakhalani kunyumba. Chonsecho ku Abuja mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza kuti K15 pa K100 iliyonse ya bajeti izipita ku umoyo. Ife zaka zambiri sitinafikepo. Ya Pajero yatsopano ndi maalawansi a misonkhano ya kunyanja ndiye siisowa.

Andale amakonda makoma, chifukwa khoma limalola kumatapo mwala wolembedwa dzina lawo. Malipiro a mzamba alibe riboni yodula. Koma mayi akayamba kutaya magazi atangochira, khoma limangomuyang'ana. Chofunika pamenepo ndi munthu wodziwa kubaya jakisoni wotseka magazi, kuika diripi, kuona msanga kuti BP yakwera mayi asanayambe kukomoka, kapena kuti mwana wagona mopingasa ndipo ambulansi iitanidwe pompano. Ntchito imeneyi ndi ya mphindi, si ya mawa.

Mu 2007 boma linaletsa azamba a kumudzi kuchiritsa amayi. Mafumu ambiri anaika chindapusa, ena mbuzi, ena ndalama, kwa wochilira kunyumba. Bingu anafewetsa chiletsocho mu 2010, koma amayi anali atamva kale. Mu 1992 amayi 55 pa 100 ankachilira kuchipatala, pofika 2016 anali 91. Amayi mbali yawo anachita, anayenda, ena anagulitsa nkhuku kuti apeze ya kabaza. Funso nlakuti atafika anapeza yani? M'zipatala zing'onozing'ono zambiri za dziko lino mumapeza namwino mmodzi kapena awiri. Yemweyo sikelo m'mawa, yemweyo kuchipinda chochilira usiku, yemweyo kulemba malipoti. Akakukalipirani pa 3 koloko m'bandakucha timati ngwamwano. Ena mwano alinawo ndithu, ndipo umenewo tisauvomere. Koma ngakhale injini ya boti ukaithamangitsa usana ndi usiku imakhosomola.

Ndatchula boti dala. Boma lathu lino si la Lilongwe. Taganizani za Usisya ndi Ruarwe, kumene phiri limagwera m'nyanja ndipo njira yodalirika ndi ya pamadzi. Ilala siifika tsiku lililonse, ndipo mwera ukaomba ngakhale asodzi olimba mtima amakokera mabwato kumtunda. Mimba siidikira mwera kuti uleke. Kumeneko mzamba akakhalapo ndiye chipatala chonse, akachoka ndiye basi.

Ndipo amachoka. Mwana wokulira ku Ndirande kapena ku Area 25 mukamutumiza kumeneko, miyezi ingapo wayamba kulemba makalata opempha transifa. Chinanso chimene mabwana a ku Capital Hill sachiganizira ndi chilankhulo. Mayi wa kumudzi matenda akamugwira salankhula Chingerezi, ngakhale Chichewa chimathawa, chimatsala ndi Chitonga cha kwa amake. Namwino wosamva amangoti mayi uyu ngovuta, pamene mayi akufotokoza kuti mutu ukumuwawa ndipo maso akuona chimbuuzi. Nchifukwa chake ine ndimati ndalama ya maphunziro iziyamba yafunafuna mtsikana wa komweko, wa MSCE yake yabwino koma wosowa fizi, amene kondowole ndi kwawo, amene sangalire kuti kulibe shopu. Ndi anyamata omwe. Azamba aamuna alipo kale m'zipatala zathu ndipo amayi ambiri amawayamikira, ngakhale agogo ena amagwirabe pakamwa.

Maganizo amenewa si achilendo. Cha m'ma 2011 boma linayamba kuphunzitsa azamba a m'madera kwa miyezi 18, ndipo Mayi Joyce Banda atalowa mu 2012 anaikankha nkhaniyi pamodzi ndi mafumu monga Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu, kuphatikizapo nyumba zodikirirako amayi pafupi ndi zipatala. Masukulu nawo tilinawo pafupi: St John's ku Mzuzu, Ekwendeni, Mzuzu University. Chimene chimandinyansa nchakuti mwana amamaliza maphunziro, satifiketi ili m'manja, kenaka n'kukhala zaka akudikira kalata ya ntchito ati bajeti ya malipiro yadzadza. Ena a iwo tili nawo m'misika momwemu, akugulitsa kaunjika. Kuphunzitsa mzamba n'kumusiya pakhomo kuli ngati kupikula chambo cha ndalama zambiri n'kuchisiya padzuwa. Koma Covid itabwera mu 2020, matenda ogwira ndi mabwana omwe, ndalama yolembera azaumoyo inapezeka msangamsanga.

Aphungu amabwera mumsika muno, makamaka chisankho chikayandikira, kudzagula nthochi za K500 ndi kujambulitsa. Akadzafika pa benchi yanu musadzapemphe tisheti. Mudzawafunse kuti zipatala za m'dera lawo zili ndi azamba angati, ndipo pakufunika angati. Mudzawafunse kuti pa ndalama za CDF analipirirapo fizi ana angati a kwathu kuno kusukulu ya uzamba, ndi kuti nyumba ya namwino yamangidwa kuti. Akayamba zoti nkhaniyo ndi ya unduna, mudzawakumbutse kuti bajeti ya undunawo amaivomereza ndi iwo omwe ku Nyumba ya Malamulo, ndipo mudzawauze kuti adzabwere ndi yankho lolemba papepala tsiku la msika lotsatira.