Kupeza Gwero la Vuto Ndi Luso Lophunzirika

Wokonza njinga pamsika wa ku Ulongwe sataya chubu chifukwa chakuti tayala laphwa. Amachipopa, nkuchiviika m'madzi pang'onopang'ono kufikira ataona pamene pakutuluka thovu. Sanabadwe nalo luso limeneli, anachita kuphunzira. Ife tikuti mphunzitsi nayenso ayenera kuphunzira kufufuza motero, pakuti mawu akuti "mwana uyu ndi mbuli" atsekera ana ambiri khomo la sukulu.

Tiyeni titenge mwana amene walemba kuti 42 kuchotsa 17 yankho lake ndi 35. Mphunzitsi wopupuluma amangothetha ndi cholembera chofiira. Wodekha amafunsa m'chinenero cha mwanayo kuti, "Tandiuza, wayenda bwanji kuti ufike pamenepa?" Mwana akafotokoza, zimadziwika kuti anachotsa 2 pa 7, kenaka 1 pa 4. Kuchotsa akukudziwa, chimene sanamvetse ndi kubwereka khumi. Timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi tingathetse vutoli, pomwe kumubwerezetsa masamu makumi awiri kukanangolimbitsa cholakwacho.

Chimodzimodzinso mwana wolemba calo m'malo mwa caro. M'Chinyanja, l ndi r sizisiyanitsa tanthauzo la mawu, koma m'Chipwitikizi zimasiyanitsa. Khutu la mwanayo silinazolowere kumva kusiyanako, choncho mankhwala ake ndi kumvetsera mawu awiriawiri ofanana asanayambe kuwalemba.

Njira yake ndi imodzi. Tiyambe taona cholakwa chenichenicho, tifunse mwana, tiganizire zimene zingachititse, tiyese chimodzi pa nthawi imodzi, kenaka tione ngati zasintha. Tikasintha zinthu zitatu pamodzi, sitidzadziwa chimene chathandiza. Mwana wosakopera bwino za pabolodi tiyambe tamukhazika kutsogolo, mwina vuto lili m'maso.

Apa ndi pamene pagona phindu la chinenero chamakolo. Kuyambira pa ntchito yoyesera ya PEBIMO, imene inachitika m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza m'zaka za 1993 mpaka 1997, cholinga chakhala chakuti mwana alankhule momasuka m'kalasi. Mwana wofunsidwa m'chinenero chimene sanachidziwe bwino amangowerama, ndipo maganizo ake amabisika. Wofunsidwa m'Chinyanja amatiwonetsa njira imene wadutsa.

Ena adzati kalasi yodzaza silola zonsezi. Nzoona kuti sitingakhale pansi ndi mwana aliyense tsiku lililonse. Koma zolakwa za ana zimafanana: tikasanthula makope khumi, kawirikawiri timapeza vuto limodzi kapena awiri obwerezabwereza, ndipo tingawakonze pamaso pa kalasi yonse. Potero anawo amaphunziranso kudzifunsa okha pamene asokonezera.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mukapita kukayesera kuphunzitsa, sankhani cholakwa chimodzi pa sabata, muchilondole mpaka pagwero pake, ndipo mulembe zimene mwapeza kuti mudzakambirane ndi anzanu.