Nyumba ya ma Freemason ndi yotsekula, nanga mayina bwanji?

Pa msewu wa Great Queen Street mumzinda wa London pali chinyumba chachikulu chotchedwa Freemasons' Hall. Anachitsegulira mu 1933 pokumbukira ma Freemason oposa 3,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo poyamba ankachitcha Masonic Peace Memorial. Lero ndi likulu la United Grand Lodge of England, komwe mamembala amachitirako misonkhano yawo.

Ambirife tikangomva dzina lakuti Freemason, maganizo amathamangira ku mauthenga a pa WhatsApp aja okamba za magazi ndi usatana. Komatu munyumbamu mumalowa aliyense. Muli malo osungirako zinthu zakale omwe anthu amaona ulere, ndipo amajambuliramonso mafilimu. Mkangano womwe ulipo ndi wina, ndipo ukukhudza apolisi.

Mu Disembala 2025, apolisi a Metropolitan ku London analamula kuti wapolisi aliyense yemwe ndi Freemason aziulula kwa akuluakulu ake. Gwero lake ndi imfa ya Daniel Morgan, wofufuza milandu woima payekha yemwe anaphedwa mu 1987, koma mpaka pano palibe yemwe khothi linamupeza wolakwa pa kuphako. Gulu lomwe linaunika nkhaniyi linanena mu 2021 kuti umembala wa apolisi ena unkabweretsa chikayiko pa kafukufuku, ngakhale silinapeze umboni woti anagwiritsa ntchito ubalewo popotoza mlandu.

Akuluakulu a ma Freemason anathamangira kukhothi, ati uku ndi kusalana komanso kulowerera moyo wa munthu. Dandaulo lawo ndi lomveka ndithu, poti palibe amafuna kumuloza chala chifukwa cha gulu lomwe amasonkhana nalo madzulo.

Komabe ine ndikuona kuti apolisi ali ndi mfundo. Tayerekezani m'bale wanu waphedwa, kenako mukumva kuti wofufuza ndi woganiziridwa amatchulana abale kugulu limodzi. Mungagone tulo? Olo wapolisiyo akhale wachilungamo bwanji, chikayiko chokhacho chimaononga mlandu. Komanso kuulula kwake ndi kwa mabwana basi, osati pa Facebook.

Ngati ma Freemason anakwanitsa kutsekulira alendo zitseko za nyumba yawo, sindikuona chovuta kuti membala amene ali ndi mphamvu zomanga anthu auze bwana wake komwe amasonkhana.